Chala Chimodzi cha Malo ku Chongwe

Loweruka m'mawa cha ku Silverest, pamene msewu wa Great East Road umayamba kusiya nyumba za Lusaka n'kulowa m'boma la Chongwe, si zachilendo kuona amuna awiri atawerama pa kachipilala ka simenti, tepi ili pakati pawo. Wina wagula puloti ya 20 kwa 30 ndipo wabwera ndi mmisiri woti akumbe maziko a mpanda. Mnzakeyo anamanga kale, watuluka atavala patapata kudzaonetsetsa kuti piki isalumphe malire. Tepi ikuti mamita 30 athera apa, koma bikoni ili apo, chala chimodzi kutsogolo. "Ba neba, kokani bwino tepiyo, yagona pa udzu," akutero wa patapata. Akakoka, chala chija chikhala theka la chala. Akakokanso mwamphamvu, patsala kampata kongolowa chikhadabo. Koma kutheratu ayi.

Kampata kameneka ndi kakale kuposa tepi, kuposa Lusaka yemwe. Nthawi iliyonse imene anthu a kuno alandira chida chatsopano choyezera, chakuthwa kuposa cham'mbuyo, apeza kuti utali udakali ndi chotsalira. Amuna awiriwa alibe nthawi yofunsa chifukwa chake, poti dzuwa likukwera ndipo mmisiri amalipidwa pa tsiku. Akatswiri a fizikisi ndiwo akhala akusowa nalo tulo funsoli kwa zaka pafupifupi 100: ukamagawa mtunda pakati, n'kugawanso, n'kugawanso, kodi pali pamene umafika pa kachidutswa kosagawikanso? Kodi utali uli ngati makwerero, oti phazi limaponda apa kapena apo popanda poima pakati, kapena uli ngati mtsetse, woti munthu akhoza kuima paliponse?

Chongwe ndi dziko la Asoli, ngakhale pamsika ndi m'minibasi chomveka kwambiri ndi Chinyanja. Chaka ndi chaka, mvula isanagwe, Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera mwambo wa Chakwela Makumbi, wopempha mvula ndi kudzala mbewu zoyamba. Makolo amene anasiya mwambowu ankayenda ndi miyeso yawo m'thupi, monga ankachitira anansi awo onse. Mkono unkayambira pa chigongono kufika kunsonga ya chala chapakati. Mkwamba unali manja onse awiri atatambasulidwa. Panalinso chikhatho ndi phazi. Ulendo unkayezedwa ndi dzuwa ndi tulo: kwakuti n'kofika dzuwa lili paliwombo, kwakuti n'kogona panjira kawiri. Omasulira Buku Lopatulika atafika pa chingalawa cha Nowa sanavutike kubwereka mawu, poti mikono anaipeza ilipo kale m'chinenero.

Munda wokha sunkayezedwa, unkalozedwa. Nyakwawa inkaima n'kunena kuti uyambire pa chulu icho, utsike ndi khwawa, ukathere pa msuku uja. Malire otere anali onenepa. Chulu chili ndi mbali ziwiri, khwawa limasuntha mvula ikakula, ndipo pakati pa minda iwiri pankatsala kamzere ka udzu kopanda mwini, kodutsamo mbewa ndi ana ozisaka. Chala chimodzi cha malo sichikanafika kubwalo, chifukwa chinkamira m'malire momwemo.

Choyamba kuyezedwa mwaumbombo inali nsalu. Kuyambira zaka za m'ma 1700 Apwitikizi anali ndi msika ku Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, moyang'anizana ndi Feira, tawuni imene lero ikutchedwa Luangwa. Kuchokera kumeneko Achikunda ndi amalonda ena ankakwera kumtunda kudzafuna minyanga ya njovu, ndi anthu omwe, atasenza mikanda, mfuti ndi mitumba ya nsalu. Nsalu inali ndalama, ndipo inkadulidwa m'mikwamba. Apa ndi pamene chilema cha muyeso wa m'thupi chinaonekera: mkwamba wa yani? Wogula ankafuna ayeze ndi chiphona cha m'mudzimo, wogulitsa n'kumaloza kamnyamata kake ka manja aafupi. Mu Januwale 1856 David Livingstone anadutsa m'mbali mwa Zambezi, kumunsi kumene mtsinje wa Chongwe umathera, ali pa ulendo wa ku Zumbo. Iye ankayeza kale mwa mtundu wina: usiku ankaloza nyenyezi ndi chida chake n'kulemba m'buku manambala a pamene waima. Manambala amenewo ndiwo anadzasanduka mapu.

Oyeza enieni anafika mu 1903. David Gill, katswiri wa zakuthambo wa ku Cape Town, ankalota zoyeza Africa yense kuchokera kummwera mpaka ku Egypt motsata mzere wa madigiri 30 kum'mawa, kuti adziwe bwino kukula ndi kaumbidwe ka dziko lapansi. Mzerewo umadutsa kum'mawa kwa Chongwe, ukapitirira Rufunsa. Chigawo cha kumpoto kwa Zambezi chinaperekedwa kwa Tryggve Rubin wa ku Sweden, munthu amene anali atangochoka koyeza m'chisanu cha ku Spitsbergen n'kudzagwera m'ng'anjo ya chigwa cha Luangwa. Njira yake inali yochenjera. Sankakoka chingwe mtunda wonse. Ankayeza mosamalitsa mzere umodzi wokha pamalo athyathyathya ndi waya wachitsulo, kenako n'kumakwera phiri ndi phiri kuyeza ngodya zokhazokha, masamu a makona atatu n'kumamupatsa mitunda yotsalayo. Adani anali awiri. Wina unali utsi wa lupsa, wobisa mapiri miyezi yathunthu. Wina linali dzuwa, poti chitsulo chikatenthedwa chimatalika, ndiye kuti waya wa m'mawa si waya wa masana. N'chifukwa chake oyeza a nthawi imeneyo anaikonda invar, chitsulo chosakaniza ndi nickel chimene Charles Guillaume anatulukira mu 1896, chosasintha kwenikweni ndi kutentha. Ndalama zinamuthera Rubin mu 1906 asanafike ku nyanja ya Tanganyika, ndipo mzere wonse unalumikizika mu 1954. Mapu ambiri a Zambia ndi Malawi akhala akutsamira pa maziko otchedwa Arc 1950, mbewu ya ntchito imeneyi. Amtengatenga amene anakweza zida m'mapirimo ndi kudula mitengo yotchinga maso a mzungu, pa mapu sanalembedwepo.

Kumunda kunafika muyeso wooneka wonyozeka koma wopweteka kwambiri. Njanji itafika pa Lusaka mu 1905, alimi achizungu anatsatira, ndipo dziko linayamba kuwerengedwa m'maekala. Ekala imawerengedwa ndi unyolo umene Edmund Gunter anakonza ku England mu 1620, wa mapazi 66 ndi mphete 100. Maunyolo 80 ndi mailo imodzi, ndipo malo a unyolo umodzi m'lifupi ndi maunyolo 10 m'litali ndiyo ekala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linadula malo oti Aafirika azikhalamo, ena mwa iwo n'kuwatcha Soli wa Manyika, ndipo nthaka yabwino ya kufupi ndi njanji inatsala m'manja mwa mfumu ya ku England. Mu 1935 likulu la dziko linasamukira ku Lusaka, mzinda wotenga dzina la nyakwawa Lusaaka. Malire onenepa aja anaonda mpaka kukhala mzere wa pensulo, ndipo m'malamulo mzerewo ulibe m'lifupi n'komwe. Kuyambira pamenepo chala chimodzi cha malo chinayenera kukhala cha wina.

Ana anakumana ndi dziko latsopanoli m'kalasi. Sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes inakhazikika ku Chalimbana mu 1939, pamalo pamene lero pali yunivesite, ndipo aphunzitsi ochoka kumeneko anamwazikana m'midzi atanyamula rula ya mainchesi 12. Amene anaphunzira masiku amenewo amaikumbukira rulayo pa ntchito ziwiri, ndipo yachiwiriyo inkachitikira pa mfundo za zala.

Ufulu utabwera mu 1964, manambala nawo anasintha. Mu Januwale 1968 kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa paundi ndi masheleni, ndipo lamulo la 1970 linatsegulira khomo mita, kilogalamu ndi lita. Koma miyeso yakale siifa, imangobisala. Msewu wonyamukirapo ndege pa bwalo la Kenneth Kaunda, limene lili m'boma la Chongwe, umalembedwa kuti ndi wa mamita 3,962, nambala yosamveka mutu mpaka utazindikira kuti ndi mapazi 13,000 atavala malaya ena. Njanji ndi yotambalala mamilimita 1,067, kutanthauza mapazi 3 ndi theka. Thumba lakale la chimanga la makilogalamu 90 linali la mapaundi 200. Pa Great North Road kondakitala akuitanirabe Six Miles ndi Ten Miles. Ndipo pamsika wa Chongwe mayi wogulitsa zitenje akhoza kugwira nsalu kuchokera pa mphuno kufika kunsonga ya chala, n'kunena kuti yadi yakwana. Yadi imaperewera masentimita 8 ndi theka kuti ifike mita, ndipo wogula wodziwa zimenezi sachedwa kunena kuti, "Amayi, ikanikoni kambasela."

Muyeso wina unabadwira m'Zambia momwemo. Cha m'ma 1980 alangizi a zaulimi anafalitsa lima, gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, mamita 50 uku ndi 50 uku, pamodzi ndi chingwe chokhala ndi zizindikiro ndi kapu yoyezera feteleza. Pulogalamuyo inatha, koma mawuwo anakhazikika, moti mlimi wa ku Kanakantapa ukamufunsa kukula kwa munda wake akhoza kukuyankha m'malima.

Nanga mitayo, imene tepi ya ku Silverest ikulumbirira, inachokera kuti? Pakati pa 1792 ndi 1798 Jean-Baptiste Delambre ndi Pierre Méchain anayeza mtunda wochokera ku Dunkirk kufika ku Barcelona, ndi makona atatu omwewo amene Rubin anadzagwiritsa ntchito ku Luangwa, kuti mita ikhale gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a mtunda wochokera kunsonga ya kumpoto kwa dziko kufika pa equator. Mu 1889 mita inakhala mpata wa pakati pa timizere tiwiri tolembedwa pa ndodo ya platinum ndi iridium yosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Koma kamzere ukakayang'ana pa maikulosikopu kamasanduka khwawa, lokhala ndi tsidya lino ndi tsidya lija, ngati malire a nyakwawa aja. Mu 1960 anaisiya ndodoyo n'kunena kuti mita ndi mafunde 1,650,763.73 a kuwala kofiirira kotuluka mu atomu ya krypton-86. Kuyambira 1983 mita ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'malo opanda mpweya pa gawo limodzi mwa magawo 299,792,458 a sekondi. Bungwe la Zambia Metrology Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, likamayesa masikelo, mapampu a petulo ndi matepi, kumapeto kwa mndandanda wa zida zoyesana pali nambala imeneyi.

Atomu anaikhulupirira kuposa ndodo pa chifukwa chimodzi: mkati mwake muli makwerero enieni. Mu 1900 Max Planck anapeza kuti chinthu chotentha chimatulutsa mphamvu m'timaphukusi, ndipo mu 1913 Niels Bohr anasonyeza kuti electron ya mu atomu imaloledwa kukhala ndi milingo ina yokha ya mphamvu, pakati pake ayi. Ikatsika kuchoka pa mlingo wina kupita pa wina imatulutsa kuwala kwa mtundu umodzimodzi, kaya atomuyo ili ku Sèvres kaya ku Chongwe. Mawu oti quantum amanena za timaphukusi timeneti. Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amaterereka n'kuganiza kuti ngati mphamvu ili ndi makwerero ndiye kuti chilichonse chili nawo, utali womwe. Masamu amene Erwin Schrödinger analemba mu 1926 satero. M'menemo malo a kanthu ndi nambala yoti ikhoza kukhala iliyonse, ngati pa mtsetse. Ngakhale lamulo la Werner Heisenberg la 1927 limangonena kuti ukadziwa bwino pamene kanthu kali, kayendedwe kake kamakusokonekera. Silinena kuti malowo ndi oumbidwa ndi njerwa.

Pali kafukufuku wina amene amaoneka ngati akutsutsa zimenezi, ndipo ali ndi kaubale ndi Chongwe. Mu 2018 boma la Zambia linasainirana ndi Rosatom ya ku Russia pangano lomanga malo ofufuzira za nyukiliya m'boma lomweli, okhala ndi reactor ya mamegawati 10. Ntchito yaikulu ya reactor yofufuzira ndi kutulutsa ma neutron, ndipo pa ina yotere ku Grenoble, ku France, gulu la Valery Nesvizhevsky linalengeza zodabwitsa mu 2002. Anatenga ma neutron ozizira kwambiri, oyenda pang'onopang'ono, n'kumawagwetsera pa galasi losalala kuti azinjanja ngati mpira, pamwamba pake ataikapo denga lowameza. Mpira wa ana umanjanja msinkhu uliwonse. Ma neutron anakana. Denga likakhala pansi pa mamaikulomita pafupifupi 15, mpata wochepera kangapo kunenepa kwa tsitsi, sankadutsa n'komwe, ndipo likakwezedwa pang'ono ankayamba kudutsa mwadzidzidzi. Makwerero a msinkhu amenewo, ooneka ndi zida. Koma kutalika kwa sitepe iliyonse kumadalira kulemera kwa neutron ndi mphamvu yokoka ya dziko. Ku mwezi makwererowo akanakhala ena, ndipo kanthu kolemera mosiyana kakanapeza akeake. Akanakhala kuti ali m'malo enieniwo, aliyense akanaponda amodzimodzi.

Funso likadatha pamenepa pakadapanda nambala ina imene Planck yemweyo anaitulutsa mu 1899. Ataphatikiza liwiro la kuwala, nambala ya mphamvu yokokana ya Isaac Newton ndi nambala yake ya timaphukusi, panatuluka utali: mamita 1.6 ogawidwa ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro 35. Kuchepa kwake n'kovuta kukuika m'mutu. Titatenga proton, kanjere ka pakati pa atomu, n'kukafufumitsa mpaka kutambalala makilomita 45 a pakati pa Lusaka ndi Chongwe, utali wa Planck wofufumitsidwa mofananamo ungakhalebe wochepera proton yeniyeni. Chovuta chake n'chakuti pofuna kuona kanthu kakang'ono umayenera kukawomba ndi mphamvu yaikulu, ndipo mphamvu yochuluka ikapanikizidwa pamalo ochepa chonchi imapinda malowo mpaka kupanga black hole, yomeza chimene umafuna kuona. Tepi imadya malire amene ikuyeza. Woyamba kuzindikira bwino vutoli anali Matvei Bronstein wa ku Leningrad mu 1936, ndipo patangopita zaka ziwiri apolisi a Stalin anamuwombera ali ndi zaka 31. Mu 1947 Hartland Snyder analemba masamu a malo okhala ndi njere, ndipo mu 1995 Carlo Rovelli ndi Lee Smolin anapeza kuti m'chiphunzitso chawo cha loop quantum gravity kukula kwa malo kumabwera m'milingo, ngati mphamvu ya mu atomu. Ena amati utali wa Planck ndi pothera kuyeza chabe, osati njere.

Mmisiri wa ku Silverest, osadziwa, ali ndi umboni wotsutsa njere zosanjidwa bwinobwino. Akafuna kona yowongoka amayeza 3 uku, 4 uku, ndipo chingwe chopingasa chiyenera kukhala 5. Hermann Weyl anaona mu 1949 kuti malo akanakhala ngati pansi poyalidwa matailosi, ndipo mtunda n'kumapezeka powerenga matailosiwo, lamulo limeneli likanagwa. Chipinda cha matailosi 10 uku ndi 10 uku, ukawerenga mopingasa kuchoka pa kona kufika pa kona inzake, umapezanso 10, pamene tepi imati 14 ndi kanthu. Kuchepetsa matailosi sikuthandiza, cholakwacho chimakhala chomwecho. Ngati njere zilipo, sizinayalidwe ngati pansi pa nyumba.

Kuzifufuza ndi makina a padziko n'kosatheka, poti ngakhale makina akuluakulu a CERN ku Geneva amalekezera kutali kwambiri. Akatswiri anatembenukira kumwamba. Pamsewu wa miyala wilibala ya kateyala kakang'ono imadodoma pamene ngolo ya mateyala aakulu ikungodutsa. Kuwala kwa mphamvu zambiri kuli ndi mafunde aafupi, ndiye kateyala kakang'onoko, ndipo ziphunzitso zina zinalosera kuti pa malo a njere kuyenera kutsalira m'mbuyo pang'ono. Pa 10 Meyi 2009 setilaiti ya Fermi inalandira kuwala kochokera ku kuphulika kotchedwa GRB 090510, kumene kunali kutayenda zaka zoposa 7 biliyoni. Kwa mphamvu zambiri ndi kwa mphamvu zochepa kunafika pamodzi, osasiyana ngakhale sekondi imodzi yathunthu. Mu 2015 makina a Holometer ku Fermilab, pafupi ndi Chicago, a mikono ya mamita pafupifupi 40, anamvetsera kunjenjemera kwa malo kumene katswiri wina analosera, osakumva. Chaka chomwecho, pa 14 Seputembala, makina a LIGO anaona mikono yawo ya makilomita 4 ikutalika ndi kufupika ndi kampata kochepera proton nthawi mazana angapo, ndipo kusinthako kunatsata bwinobwino masamu a Albert Einstein, amene amatenga malo ngati mtsetse wosalala. Zimenezi sizinaphe ziphunzitso zonse za njere, zinangophako zosavuta. Koma wolemba mabuku amene amauza ana kuti utali wa Planck ndi kachidutswa kotsiriza ka dziko akugulitsa chimanga chisanache: pa zonse zimene zayesedwa mpaka lero, utali wapezeka wosalala.

Ku Silverest nkhani ikuthera pa foni. Lamulo la malo la 1995 limalola kusandutsa malo a mafumu kukhala a lizi, ndipo mapepala a zaka 99 amafuna saveya, amene masiku ano amabwera ndi ndodo yolankhula ndi masetilaiti n'kupereka manambala olondola mpaka masentimita ochepa. Amuna awiri aja alibe ndalama yomuitaniranso chifukwa cha chikhadabo. Mmisiri watulutsa foni kuti aone chingwe chopingasa cha puloti ya 20 kwa 30, ndipo yamupatsa 36.0555127, n'kulekera pamene galasi lathera, poti nambalayi ilibe mapeto. "Abwana, tingoti 36 ndi masentimita 6," akutero, uku akusongola chikhomo ndi chikwanje. Wa patapata wayang'ana bikoni, wayang'ana chikhomo, wasuntha chikhomocho ndi chala chachikulu cha kuphazi kulowetsa mbali ya mnzake, n'kubwerera m'nyumba kukamwa tiyi. Mnyamata wa piki walavulira m'manja n'kuyamba kukumba.